Mnzako Akapsa Ndevu: Momwe Ophunzira Udokotala wa Ziweto Angasamalirane pa Yunivesite

Ng'ombe yamkaka yayamba kubereka dzuwa likulowa, koma thole lakhala mopingasa. Wophunzira wa chaka chomaliza amene ali pa atachimenti wavala golovesi yofika paphewa, wagwada m'ndowe, ndipo kwa maola awiri akuyesa kubweza mutu wa tholelo kuti ulunjike njira, mlimi akumuunikira ndi tochi ya foni. Thole latuluka lakufa. Kutacha, make naye akukanika kudzuka. Mlimi sanakalipe, sanatukwane. Wangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Fizi ya ana inali yomweyi, adokotala." Wophunzira uja wabwerera ku hositelo, wasamba kawiri fungo osachoka, nsima wangoitsina, ndipo aliyense womufunsa akumuyankha kuti ali bwinobwino.

Lekichala adzangowerenga lipoti la masamba awiri. Makolo kumudzi sadzauzidwa, chifukwa mwana amene banja lonse likumudalira safuna kuwadandaulitsa. Amene aone kuti munthuyu wasiya kudya, kuti akumadzuka 2 koloko usiku n'kumangokhala pabedi mumdima, ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi. Wophunzira mnzake ndiye amaona poyamba, pafupifupi nthawi zonse. Chofunika ndi chakuti akaona adziwe chochita, adziwe polekezera, ndiponso akhale ndi womugwira dzanja iye mwini. Zitatuzi sizibwera zokha chifukwa cha mtima wabwino. Zimachita kukonzedwa.

Chimene chimalemetsa maphunziro amenewa

Udokotala wa ziweto umatenga zaka 5 kapena 6 kutengera sukulu, kaya ndi ku LUANAR ku Lilongwe, ku Samora Machel School of Veterinary Medicine pa University of Zambia, kapena ku Onderstepoort ku South Africa. Wophunzira udokotala wa anthu amaloweza thupi la mtundu umodzi. Wa ziweto amaloweza matupi ambiri osafanana: ng'ombe ili ndi chifu cha zigawo 4, hatchi ilibe kathumba ka ndulu ndipo sisanza, nkhuku imapuma mothandizidwa ndi timatumba ta mpweya, ndipo Panado amene munthu amamwa mutu ukamawawa amapha mphaka. Mankhwala amodzi ali ndi mlingo wina pa galu, wina pa mbuzi, wina pa nkhumba. Zonsezi zimagwera achinyamata amene anakhoza MSCE ndi mapointi ochepa, amene kusekondale kwawo anali asanalepherepo mayeso. Sapu yoyamba, mayeso obwereza akalephera phunziro, imawalasa kuposa momwe anthu amaganizira, ndipo mantha a kuwididwa, kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, amayenda nawo mpaka ku tulo.

Koma kuchuluka kwa zowerenga kuliponso m'maphunziro ena. Chimene chili chawochawo ndi imfa. Amayamba ndi mitembo ya nyama yonunkha fomalini m'chaka choyamba kapena chachiwiri, kenako kupima nyama zakufa, kenako ku malo ophera nyama, kenako tsiku limene dzanja lawo lenileni libaya jekeseni yogoneka galu amene akuwagwedezera mchira. Ambiri anasankha ntchitoyi chifukwa chokonda nyama, ndipo ntchitoyo imawaphunzitsa kupha mwachifundo.

Palinso ululu wina wovuta kuutchula dzina: kudziwa choyenera kuchita koma osatha kuchichita. Matenda wawapeza, mankhwala ukuwadziwa, koma mwini mbuzi alibe ndalama. Chigodola cha nkhumba chikalowa m'khola palibe mankhwala ochiza, ndipo wophunzira amaima pambali pa mlangizi wa ziweto akuuza mayi wamasiye kuti nkhumba zotsalazo asagulitse. Nyama ya ng'ombe ikapezeka ndi zizindikiro za TB pa malo ophera, iyenera kuletsedwa, mwini butchala ali pomwepo akuchonderera kapena akuopseza. Munthu akakumana ndi zotere kambirimbiri amayamba kuuma mtima, kapena kudziimba mlandu pa zinthu zimene sanalakwitse. Achibale nawo sathandiza akamafunsa kuti, "Nzeru zonsezo bwanji osachita udokotala weniweni?"

Ndiye pali kuchepa kwa kalasi. Makalasi a udokotala wa ziweto amakhala aang'ono, nkhope zomwezo zaka zonse, ndipo ntchitoyo payokha ili ndi anthu ochepa m'mayiko athu ano. Lekichala wa lero ndiye adzakulembera kalata yofunsira ntchito, mwina ndiye adzakhala bwana wako. Wa chaka chachisanu lero mudzakumana naye ku Dipatimenti ya Zaumoyo wa Ziweto. Wophunzira aliyense amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amabisa. Kwa anyamata kumawonjezerapo mawu amene anakula nawo akuti mwamuna salira.

Kumayiko akunja anachita kuwerenga imfa za anthu a ntchitoyi. Kafukufuku wa bungwe la zaumoyo la CDC ku America, wofalitsidwa mu 2019, anaunika imfa 11,620 za madokotala a ziweto kuyambira 1979 mpaka 2015, ndipo anapeza kuti gawo la imfa zodzipha linali lalikulu kuposa la anthu wamba, kuwirikiza 2.1 kwa amuna ndi 3.5 kwa akazi. Ku Britain, akatswiri ofufuza David Bartram ndi David Baldwin anali atalemba kale kuti kumeneko kunali kuwirikiza pafupifupi kanayi. Ziwerengerozi ndi za kumeneko, tisazitenge ngati zathu. Koma zinadzutsa anthu a ntchitoyi: ku Britain kuli bungwe la Vetlife lomwe lili ndi foni yoyankhidwa usana ndi usiku, yolandiranso ophunzira, bungwe lolembetsa madokotala a ziweto la RCVS linayambitsa ntchito yosamalira umoyo wa m'maganizo ya Mind Matters, ndipo ku America gulu la Not One More Vet linayamba mu 2014 pambuyo pa imfa ya Dr. Sophia Yin, dokotala wa ziweto amene anadzipha.

Womvetsera si dokotala

Anzathu othandiza anzawowa tiwatchule kuti omvetsera, chifukwa ntchito yawo yaikulu ndi imeneyo. Womvetsera ndi wophunzira wamba amene waphunzitsidwa kumva bwino, kuzindikira zoopsa, ndi kuperekeza mnzake kumene kuli thandizo loyenera. Sapima matenda, sapereka mankhwala, saweruza milandu, ndipo si kazitape wa akuluakulu a sukulu. Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2011 a thandizo loyamba la m'maganizo, linafupikitsa ntchitoyi m'mawu atatu: yang'ana, mvetsera, lumikiza.

Yunivesite ya Oxford yakhala ndi dongosolo lotere kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ophunzira amaphunzitsidwa kwa maola ambiri ndi alangizi a zamaganizo, ndipo akayamba ntchito amakumana ndi owayang'anira milungu iwiri iliyonse. Sukulu zina za udokotala wa ziweto ku Britain, monga ya ku Edinburgh, zili ndi magulu oterewa. Koma umboni wotikhudza kwambiri uli pafupi. Ku Mbare mumzinda wa Harare, Dr. Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri. Amakumana maulendo 6, akutsata njira yothetsera mavuto limodzilimodzi. Kafukufuku wa anthu 573 wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti patatha miyezi 6, anthu 14 pa 100 mwa amene anakhala pabenchi anali adakali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chisamaliro cha nthawi zonse anali 50 pa 100. Njirayi yayesedwanso ku Malawi. Phunziro lake ndi lomveka: munthu wopanda digiri ya zamaganizo angathandize kwambiri, bola aphunzitsidwe ndipo aziyang'aniridwa. Agogo aja sanangoikidwa pabenchi n'kusiyidwa okha.

Kumanga gululo

Yambani ndi woyang'anira, osati ndi ophunzira. Ngati palibe kaunsela, namwino wa zamaganizo kapena katswiri wina amene wavomera kukumana ndi omvetsera milungu iwiri iliyonse komanso kuyankha foni usiku pakagwa zoopsa, gululo lisayambe. Munthuyu asakhale lekichala amene amachonga mayeso a ophunzirawo. Kulakwitsa pano kumapha zonse, chifukwa palibe angaulule kuti akumwa mowa tsiku lililonse ngati akudziwa kuti nkhaniyo ikafika kwa amene adzamufunse mafunso pa mayeso a pakamwa.

Posankha omvetsera musagwiritse ntchito voti. Voti imasankha otchuka, ndipo wotchuka nthawi zambiri ndi wolankhula, pamene pano pakufunika womva. Njira yabwino ndi yakuti wofuna alembe yekha kalata yaifupi, kalasi lipatsidwe mwayi wolemba mobisa mayina a anthu amene lingawauze zakukhosi, kenako woyang'anira acheze ndi aliyense payekha. Afunse chifukwa chimene akufunira ntchitoyi, momwe akukhozera m'kalasi, ndi ngati iye mwini sali pakati pa mavuto aakulu pakali pano. Amene anavutikapo n'kuchira amatha kukhala womvetsera wabwino kwambiri. Amene chilonda chake chidakali chatsopano adikire kaye chaka.

Womvetsera mmodzi pa ophunzira 10 mpaka 15 ndi chiwerengero chonyamulika. Pakhale amuna ndi akazi, ogona m'hositelo ndi ochita lendi kunja, a mipingo yosiyana ndi Asilamu ngati alipo, ndipo achokere m'zaka zosiyana kuyambira chachiwiri. Chifukwa cha kuchepa kwa makalasi, wophunzira aloledwe kupita kwa womvetsera wa chaka china, ngakhale wa nthambi ina ya yunivesite. Ena sangalankhule ndi munthu amene mawa adzagwira naye mwendo wa ng'ombe imodzi.

Maphunziro asakhale a tsiku limodzi la Loweruka lokhala ndi zakumwa ndi zithunzi. Agaweni m'magawo a maola 3 kwa milungu 8 mpaka 10, ndipo theka la nthawi lipite ku kuyeserera atatuatatu: wina wolankhula, wina womvetsera, wina woonerera amene pamapeto anene zimene waona. Ophunzira a ntchitoyi ali ndi vuto lawolawo apa. Aphunzitsidwa kufunsa mbiri ya matenda, kupeza chayambitsa ndi kulemba mankhwala, choncho mnzawo asanamalize chiganizo iwo apeza kale yankho. Kuzolowera kukhala chete kwa masekondi 10 osadzaza mpatawo kumawatengera milungu. Koma alinso ndi luso limene ena alibe: anaphunzira kuwerenga wodwala amene salankhula. Amadziwa kuti mbuzi yodzipatula pa zinzake, yosabzikula, ya ubweya woyimirira, ili ndi kanthu. Diso lomwelo ndi limene likufunika pa mnzawo amene wasiya kubwera ku chakudya, wasiya kusamba, wayamba kukwiya pa zazing'ono, kapena wayamba kubetcha ndalama ya loni.

Lamulo la chinsinsi lilembedwe, liwerengedwe pamaso pa kalasi lililonse, ndipo womvetsera alinene yekha kucheza kusanafike pakuya. Zonse zimene wauzidwa zimathera pomwepo, kupatula zitatu: ngati moyo wa wolankhulayo uli pangozi, ngati moyo wa munthu wina uli pangozi, kapena ngati pali mwana amene akuchitidwa nkhanza. Pa zitatuzi womvetsera amauza woyang'anira, ndipo amamuuza mnzakeyo kuti akukanena. Pa msonkhano wa milungu iwiri uja nkhani zimakambidwa popanda mayina, ndiponso popanda zizindikiro zoulula munthu. M'kalasi la anthu 20, kunena kuti "mtsikana wina wa ku Karonga" n'chimodzimodzi kutchula dzina. Zolemba zikhale manambala okha: anthu angati mwezi uno, nkhani za mtundu wanji, angati anaperekezedwa kwina.

Kucheza kwenikweniko

Malo abwino si ofesi yokhala ndi chikwangwani pakhomo, chifukwa aliyense wolowamo amaonedwa. Kuyenda limodzi kupita ku makola, kukhala pansi pa mtengo kuseri kwa labu, kuperekezana kumsika: pamene anthu awiri sakuyang'anana m'maso, mawu amatuluka mosavuta, makamaka kwa anyamata.

Funso lakuti "Uli bwanji?" lili ndi yankho limodzi lokha, ndipo tonse timalidziwa. Womvetsera ayambe ndi chimene waona. "Aise, kuyambira tsiku la ng'ombe ija sindikukuona ku chakudya, ndipo usiku ndikumamva ukutembenuka. Chikuchitika n'chiyani?" Mnzakeyo akati palibe, asamukakamize. "Chabwino. Ine ndilipo, ndidzakufunsanso Lachinayi." Ndipo Lachinayi afunsedi. Anthu ambiri amatsegula pakamwa ulendo wachiwiri kapena wachitatu, ataona kuti wofunsayo sankangodutsa.

Akayamba kulankhula, pali mawu amene amatseka chitseko ngakhale amanenedwa ndi mtima wabwino: "Limba mtima", "Zimachitika", "Ena akuvutika kuposa iwe", "Inenso chaka chatha". Omalizawa ndi oipa kwambiri chifukwa amalanda nkhani. Chothandiza ndi kubweza zimene wamva m'mawu ako: "Ndiye ukuona ngati ukanaitana adokotala msanga, thole likanakhala moyo." Munthu akamva maganizo ake akutuluka m'kamwa mwa wina, amayamba kuwayesa yekha ngati ndi oona. Pa nkhani ngati ya thole ija, thandizo lenileni lingakhale kupita limodzi kwa dokotala amene ankayang'anira atachimentiyo kuti aunike zimene zinachitika mwaukatswiri, popanda kuloza chala. Nthawi zina zimapezeka kuti tholelo linali litafa kale wophunzirayo asanafike.

Mavuto akakhala mulu, njira ya pabenchi ija imagwira ntchito. Atchule onse, alembedwe papepala. Asankhe limodzi, iye mwini, osati womvetsera, ndipo likhale lotheka kuligwira sabata ino. Aganize njira zonse zimene zilipo, ngakhale zooneka zopanda pake, asankhe imodzi, anene tsiku ndi ola limene adzachite. "Ndikonza maphunziro anga" si pulani. "Lachiwiri 10 koloko ndikaonana ndi alekichala a pharmacology kuti andionetse pepala langa, ndipo iwe undiperekeza mpaka pakhomo" ndiyo pulani. Kucheza kumodzi kusapitirire mphindi 45 kapena ola. Mukakumana maulendo 4 mpaka 6 popanda kusintha, nkhaniyo yakula kuposa womvetsera.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira maulendo onsewo. Kukhumudwa kapena kusasangalala ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse kwa milungu iwiri kapena kuposa, pamodzi ndi kusagona, kusadya ndi kudziona wachabechabe, ndi matenda ofunika chipatala. Azachipatala ali ndi mafunso 9 otchedwa PHQ-9, amene aliponso m'Chichewa, oyezera kukula kwa vutoli, koma imeneyo ndi ntchito yawo. Kumva mawu amene ena sakumva, kukhala masiku osagona uku akulankhula mosalekeza, kunjenjemera m'mawa mpaka atamwa mowa: zonsezi ndi za kuchipatala cha pasukulu tsiku lomwelo, ndipo icho chingatumize kwa akatswiri monga a Saint John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, a Zomba Mental Hospital, kapena a Chainama Hills ku Lusaka. Ndipo kutumiza kwabwino ndi kuperekeza. Kungonena kuti "Upite kwa kaunsela" kumathera panjira.

Funso limene ambiri amaliopa

Munthu akamanena kuti watopa ndi moyo, kuti anthu apuma iye akachoka, akayamba kugawa mabuku ndi katundu wake, kapena akadekha mwadzidzidzi pambuyo pa milungu ya kuvutika, womvetsera afunse mosazungulira: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funsoli lidzala ganizo m'mutu mwa munthu. Akatswiri a zamaganizo ndi a WHO amanena momveka kuti silitero, ndipo nthawi zambiri wofunsidwayo amapepukidwa kuti wina walimba mtima kutchula chimene iye amachisenza yekha. Mawuwa ayeserezedwe mokweza pa maphunziro mpaka lilime lizolowere, chifukwa pa tsiku lenileni pakamwa pamauma.

Akayankha kuti inde, womvetsera asadzidzimuke, asalalikire za tchimo, ndipo asalonjeze kuti sauza munthu. Afunse ngati waganiza kale njira ndi nthawi, komanso ngati chinthucho ali nacho pafupi. Ngati ali ndi pulani, asasiyidwe yekha ngakhale kwa mphindi zochepa. Woyang'anira aimbiridwe foni nthawi yomweyo, womvetsera wachiwiri aitanidwe, ndipo apite naye kuchipatala. Ngati wamwa kale chinthu, ndi kuchipatala mothamanga, botolo kapena paketi yake itengedwe, ndipo asamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka.

Apa pali chinthu chimene sukulu ya udokotala wa ziweto iyenera kuchiyang'ana maso ndi maso. Kafukufuku wina wa ku America wa 2019 anapeza kuti imfa zochitika ndi mankhwala ophera nyama mwachifundo zikachotsedwa pa chiwerengero, kusiyana pakati pa madokotala a ziweto ndi anthu wamba kumatsala pang'ono kutheratu. Tanthauzo lake ndi lakuti kukhala pafupi ndi mankhwala oopsa, uku ukudziwa kagwiritsidwe kake, ndi gawo lalikulu la ngoziyo. Ganizo lodzipha nthawi zambiri limafika pachimake kwa kanthawi n'kutsika, ndipo loko wa kabati amatha kumuwolotsa munthu kanthawi kameneko. Choncho kabati ya mankhwala ikhale yokhoma nthawi zonse, kiyi isamasiyidwe m'dirowa yodziwika ndi aliyense, buku lolembamo mlingo wotuluka lisainidwe ndi anthu awiri, ndipo wophunzira asamatsale yekha ndi kiyi usiku. Mankhwala a dibi ndi ena ophera tizilombo asamasungidwe m'zipinda zogona. Wophunzira amene ali pangozi achotsedwe kaye pa ntchito ya ku famase mwakachetechete, mosamuchititsa manyazi.

Zimene zimagwetsa magulu otere

Choyamba ndi miseche. Womvetsera mmodzi akauza chibwenzi chake, chibwenzicho n'kuuza mnzake, pakutha pa sabata kalasi lonse ladziwa amene ali ndi pakati, ndipo gululo lafa ngakhale likhalebe pa pepala zaka zitatu. Woulula chinsinsi achotsedwe ulendo woyamba womwewo. WhatsApp imakulitsa vutoli: uthenga umajambulidwa, foni imabwerekedwa. Igwiritsidwe ntchito popangana nthawi ndi malo basi, ndipo pagulu la omvetsera pasalembedwe nkhani ya munthu.

Chachiwiri ndi womvetsera amene wasanduka mpulumutsi. Foni yake imalira pakati pa usiku, wayamba kubwereketsa ndalama, akulembera mnzake asayimenti, ndipo magiredi ake akutsika. Amaona ngati akasiya, munthuyo agwa. Woyang'anira ndiye ayenera kuona izi msanga, n'chifukwa chake funso loyamba pa msonkhano uliwonse likhale la omvetserawo: mukugona bwanji, mukudya, kalasi ikuyenda? Womvetsera asanyamule anthu opitirira atatu nthawi imodzi, akhale ndi maola odziwika amene foni yake ndi yotsegula, ndipo aloledwe kupuma nyengo ya mayeso ake. Chikondi chikayamba kumera pakati pa womvetsera ndi womuthandizayo, zomwe zimachitika chifukwa kuuzana zakukhosi kumayandikizitsa anthu, nkhaniyo iperekedwe kwa womvetsera wina tsiku lomwelo.

Za chikhulupiriro zimafuna nzeru. Kwa ophunzira ambiri pemphero ndi mzati weniweni, ndipo wopempha kupemphera naye apempheredwe ngati womvetserayo ali womasuka kutero. Cholakwika ndi kuuza wodwala kuti vuto lake ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, kapena kuti asiye mankhwala a kuchipatala. Wina akanena kuti akuona ngati amulodza kumudzi chifukwa cha sukulu, kumuseka kumangomutsekera pakamwa. Mverani mantha akewo, ndipo muperekezeni kuchipatala ndithu.

Ndiye pali mavuto amene si a m'maganizo konse. Wophunzira amene akudya kamodzi patsiku chifukwa loni ya ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, sinafike kapena yatha, sakusowa kaunsela, akusowa chakudya. Wofooka ndi wosokonezeka mutu akayezetse kaye malungo ndi kuchuluka kwa magazi. Amene wakhala akutentha thupi mobwerezabwereza, kutuluka thukuta usiku ndi kuphwanya m'mfundo pambuyo pogwira ng'ombe zotaya bere auze adokotala za ntchito yake, chifukwa brucellosis, nthenda yotengedwa ku ng'ombe zoterezi, imafooketsa thupi ndi mtima womwe. Wolumidwa ndi galu amene akusowa tulo poopa chiwewe akufunika kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kupita kukabayitsa tsiku lomwelo, ngakhale analandirapo katemera wodziteteza. Katemera woyambirirayo, amene WHO kuyambira 2018 imati akwanira maulendo awiri, tsiku loyamba ndi patatha masiku 7, ndi chinthu chimene ophunzira ayenera kuchipempha asanayambe kugwira agalu. Womvetsera wabwino amakhala ndi pepala limodzi m'thumba: ofesi ya mkulu woona za ophunzira, chipatala, komwe kuli thandizo la fizi, ndi komwe amakadandaula za nkhanza.

Nkhani ya nkhanzayi tiinene poyera. Mtsikana akaulula kuti wina waudindo, kaya pasukulu kaya ku malo a atachimenti, akumufuna chibwenzi posinthana ndi magiredi, womvetsera asapite kukakumana ndi munthuyo, ndiponso asakanene popanda chilolezo cha mwini nkhani, pokhapokha moyo uli pangozi. Amukhulupirire, amuthandize kusunga mauthenga ndi kulemba masiku, amufotokozere njira zodandaulira zimene zilipo, ndipo amuperekeze akasankha kupita. Komanso akuluakulu a sukulu asabisale kumbuyo kwa omvetsera. Ngati mayeso atatu akulembedwa tsiku limodzi, ngati ophunzira akugwira usiku wonse ku chipatala cha ziweto n'kuyembekezeredwa m'kalasi 7:30 m'mawa, kumvetserana sikungakonze zimenezo. Manambala aja amene gulu limasonkhanitsa ndiwo apite ku komiti ya fakote kamodzi pa semesita, kuti chimene chikudwalitsa anthu chikonzedwe kumene chikuchokera.

Nyengo zoopsa zimadziwika, ndipo gulu lizikonzekere pa kalendala: milungu 6 yoyamba ya a chaka choyamba, sabata yoyamba yodula mitembo ya nyama, tsiku lotuluka zotsatira za mayeso, nthawi ya sapu pamene hositelo ili pululu, ndi atachimenti pamene wophunzira ali yekha kutali. Pa atachimenti, aliyense apatsidwe mnzake woimbirana naye foni kamodzi pa sabata, tsiku lodziwika, ndipo foni ikapanda kuyankhidwa kawiri woyang'anira adziwitsidwe. Pambuyo pa kugoneka nyama koyamba kapena imfa yovuta ya chiweto, gulu limene linalipo likhale pansi mphindi 15 lisanabalalike, aliyense anene chimene chamukhudza, wosafuna kulankhula asakakamizidwe. Obwereza chaka ndi amene amaiwalika kwambiri: anzawo apita patsogolo, kalasi latsopano lili kale ndi magulu ake owerengera. Womvetsera wa kalasilo awafikire sabata yoyamba, awalowetse m'gulu lowerengera.

Omvetsera ambiri odziwa ntchito amakhala a zaka zomaliza, ndipo amachoka onse pamodzi. Gulu latsopano lisankhidwe ndi kuphunzitsidwa semesita yathunthu akalewo asanamalize, kuti ayende limodzi miyezi ingapo. Wophunzira aliyense amene akuthandizidwa ndi womvetsera wochokayo auzidwe mwezi umodzi nthawi isanakwane, afunsidwe amene angakonde kupitiriza naye, ndipo nkhani yake isaperekedwe kwa watsopanoyo pokhapokha iye mwini atavomera, makamaka ali pomwepo atatuwo.